Dark mode ndi sefa ya kuwala kwa buluu pa foni: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu a kuno ku Mangochi amatifunsa kawirikawiri, ena akabweretsa foni kuti tiione, ena akangolandira kumene foni yochokera kwa mwana wawo amene ali ku Joni n'kupeza kuti sikirini yake ndi yakuda kapena yachikasu. Tayamba ndi mafunso osavuta, ndipo okhudza maso ndi tulo ali chapakati.

Kodi dark mode ndi chiyani?

Mafoni ambiri amabwera sikirini yake ikuoneka ngati tsamba la m'kope, pansi poyera ndi zilembo zakuda. Dark mode imatembenuza zimenezi, kotero kuti pansi pamada ndipo zilembo ndi zimene zimayera, monga momwe choko chimaonekera pa bolodi la kusukulu. Mafoni ena amaitchula kuti Dark theme, koma ndi chinthu chimodzi. Njira yodetsa foni yonse nthawi imodzi inafika mu 2019, pamene Google inatulutsa Android 10 ndipo Apple inatulutsa iOS 13, kenako WhatsApp inatsatira mu March 2020. Zithunzi ndi mavidiyo sizisintha mtundu, chifukwa chimene chimada ndi malo amene pamakhala zilembo ndi mabatani okha.

Nanga sefa ya kuwala kwa buluu si chinthu chomwecho?

Ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti munthu angathe kuziyatsa pamodzi. Kuwala koyera kumene sikirini imatulutsa kumapangidwa posakaniza mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wa buluu. Sefa imachepetsa gawo la buluu, ndipo kuwala kotsalako kumaoneka kwachikasu kapena kofiirira ngati kwa nyali ya palafini. Choncho dark mode imachepetsa malo owala pa sikirini, pamene sefa imasintha mtundu wa kuwalako.

Chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti kampani iliyonse inaipatsa sefayi dzina lake. Pa iPhone ndi Night Shift, imene inabwera mu 2016. Pa Tecno, Infinix ndi itel nthawi zambiri mudzapeza mawu akuti Eye Care, pa Samsung akuti Eye comfort shield kapena Blue light filter ngati foniyo ndi yakale, pa Huawei akuti Eye comfort, pa Xiaomi akuti Reading mode, ndipo pa mafoni ena a Android akuti Night Light.

Ndingaziyatse bwanji?

Lowani mu Settings ndipo musankhe Display, kapena Display & Brightness, chifukwa zonse ziwiri zimakhala m'menemo. Njira yachidule ndi yokoka sikirini kuchokera pamwamba kawiri, n'kufufuza kachithunzi ka mwezi kapena ka diso pakati pa tizizindikiro timene timatulukato. Pa WhatsApp ya Android mungathenso kusankha nokha polowa mu Settings, kenako Chats, kenako Theme.

Timalimbikitsa kuti muzitchere nthawi m'malo moziyatsa ndi kuzizimitsa pamanja, pakuti munthu amaiwala. Mafoni ambiri amalola kusankha kuti ziziyaka dzuwa likalowa n'kuzima likatuluka, koma kuti zimenezi zitheke foni imafuna kudziwa dera limene muli. Ngati simukufuna kuyatsa Location, ingolembani maola nokha. Kuno dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5 m'mwezi wa June, ndipo mu January limalowa 6 koloko itangodutsa, ndiye kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 5 koloko m'mawa ndi nthawi yokwanira chaka chonse.

Sikirini yanga yasanduka yachikasu yokha. Kodi yawonongeka?

Nthawi zambiri sinawonongeke, koma sefa inayatsidwa mwangozi, kapena mwini wake woyamba anaitchera nthawi. Musanalipire aliyense kuti akusinthireni sikirini, zimitsani sefayo monga tafotokozera pa funso lapitali. Ngati chikasu chili pa sikirini yonse mofanana, ndi sefa. Ngati chili pamalo amodzi ngati banga, vuto lili m'sikirini momwemo.

Kodi dark mode imasungadi batire?

Funso limeneli ndi limene timalimva kuposa ena onse, ndipo n'zomveka, chifukwa munthu wa ku Makanjira kapena ku Katuli amene amalipira kuti atchajitse foni pa sola ya mnzake, kapena wa pa boma amene magetsi amuzimira kuyambira m'mawa, amawerengera kadontho kalikonse ka moto. Yankho lake limadalira mtundu wa sikirini imene foni yanu ili nayo.

Sikirini ya LCD ili ndi nyali imodzi kumbuyo imene imayaka nthawi yonse, ndipo kuti penapake paoneke pakuda, timadontho ta kutsogolo timangotchinga kuwalako ngati katani. Nyaliyo imakhala ikudyabe moto kaya tsamba ndi loyera kapena lakuda, choncho pa foni yotere dark mode sisunga batire mwanjira imene mungaione. Sikirini ya OLED, imene Samsung ndi makampani ena amaitchula kuti AMOLED, ilibe nyali ya kumbuyo. Kadontho kalikonse kamadziyakira kokha, ngati nyali za asodzi a usipa zimene timaziona zitandandalika pa nyanja usiku, iliyonse ndi moto wake. Pamene pali pakuda, timadontho ta pamenepo tazima ndipo sitikudya kanthu.

Ngakhale pa OLED, phindu lake silikhala lalikulu nthawi zonse. Ofufuza a pa yunivesite ya Purdue ku America anayeza zimenezi mu 2021 ndipo anapeza kuti foni ikawalitsidwa pakati pa 30 ndi 50 peresenti, kumene ndi kuwala kumene anthu ambiri amagwiritsa ntchito m'nyumba, dark mode imapulumutsa moto wapakati pa 3 ndi 9 peresenti yokha. Foni ikawalitsidwa mpaka pamapeto, moto wopulumutsidwa umafika pakati pa 39 ndi 47 peresenti. Phunziro lake ndi lakuti chimene chimatha batire ndi kuchuluka kwa kuwala, ndipo kutsitsa kuwalako kumathandiza pa foni iliyonse, ya LCD ndi ya OLED yomwe. Sefa ya buluu payokha musaiwerengere pa nkhani ya batire.

Ndingadziwe bwanji ngati sikirini yanga ndi LCD kapena OLED?

Dikirani kunja kude, zimitsani nyali m'chipinda, tsegulani chithunzi chakuda bii chodzaza sikirini yonse, ndipo mukweze kuwala. Ngati sikirini ikuoneka yotuwa ndipo ikuunikira dzanja lanu, ndi LCD. Ngati ikuoneka ngati foni yazima, ndi OLED.

Mafoni ambiri otsika mtengo a itel ndi Tecno amene ali m'manja mwa anthu kuno ndi a LCD. Ma Samsung a mtundu wa Galaxy S ndi a AMOLED, pamene a Galaxy A ena ali nayo, ena alibe. Apple inayamba OLED ndi iPhone X mu 2017, koma iPhone XR, iPhone 11 ndi iPhone SE ndi za LCD. Dziwaninso kuti foni imene inabadwa ndi OLED ikhoza kukhala kuti inasweka n'kuikidwa sikirini yotchipa ya LCD, zimene zimachitika kwambiri pa mafoni ogulidwa kwa munthu, choncho kuyeza kwa mumdimako ndi kodalirika kuposa dzina la foni.

Kodi kuwala kwa buluu kwa foni kumawononga maso?

Bungwe la madokotala a maso ku America, la American Academy of Ophthalmology, limanena kuti palibe umboni wosonyeza kuti kuwala kwa buluu kochokera pa sikirini kumawononga diso. Kuwala kwa buluu kumene dzuwa limatipatsa ndi kochuluka kutalitali kuposa kwa foni, ndipo munthu amene wakhala tsiku lonse akuyanika usipa pa thandala ku Msaka, dzuwa likumenya pa madzi ndi pa mchenga n'kumubwerera m'maso, walandira kuwala kumene foni singamupatse ngakhale ataiyang'ana usiku wonse. Amene akufuna kuteteza maso ake kuno kunyanja ayambe waganizira chipewa ndi magalasi a dzuwa otchinga cheza cha UV, popeza cheza chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimafulumizitsa ng'ala.

Ndiye n'chifukwa chiyani maso amandiwawa ndikakhalitsa pa foni?

Kuwawako ndi kwenikweni, koma kumachokera kwina. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi imodzi, koma akayang'anitsitsa sikirini amaphethira mwina theka la pamenepo kapena kucheperapo, ndipo misozi imene imanyowetsa diso imauma. Apa ndi pamene maso amayamba kulasa ngati mwalowa mchenga, ndipo m'miyezi ya October ndi November, pamene kuno kumatentha kwambiri ndipo ambiri timakhala moyang'anizana ndi fani, vutoli limakula. Chachiwiri, timinofu ta m'diso timakhala titakungika nthawi yonse imene mukuyang'ana chinthu chapafupi, ndipo tikatopa mutu umayamba kupweteka chapamphumi. Chachitatu ndi kusiyana kwa kuwala pakati pa sikirini ndi chipinda, makamaka magetsi akazima n'kutsala foni yokha ikuwala mumdima.

Pa zinthu zitatuzi, dark mode imathandiza chachitatu chokha. Ziwiri zinazo mankhwala ake ndi kupumitsa maso. Madokotala a maso amalangiza kuti pa mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, kaya ndi mtengo wa mango pabwalo kapena khoma la nyumba ya aneba. Kulitsaninso zilembo kuti musamaibweretse foni pafupi ndi mphuno. Ngati maso akufiira, akutulutsa manthongo, kapena simukuona bwino ngakhale mutaisiya foni, pitani kuchipatala akakupimeni, chifukwa zimenezo si za masetingi a foni.

Kodi kuwala kwa buluu kumasokoneza bwanji tulo?

M'diso muli timaselo tina timene ntchito yake si kuona zinthu koma kuuza ubongo ngati kunja kwacha kapena kwada, ndipo timamva kwambiri kuwala kwa buluu. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, mchere wa m'thupi umene umakonzekeretsa munthu kugona. Kuwala kukamalowabe m'maso usiku, ubongo umachedwa kutulutsa melatonin, ndipo tulo nato timachedwa.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi anachitikira pa chipatala cha Brigham and Women's ku Boston ndipo zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2014. Anthu 12 ankawerenga pa iPad kwa maola 4 asanagone kwa masiku 5, ndipo masiku ena 5 ankawerenga buku la pepala. Masiku a iPad ankachedwa kugona ndi mphindi pafupifupi 10, melatonin wawo ankachedwa ndi ola limodzi ndi theka, ndipo m'mawa ankadzuka ali ndi tulo m'maso. Tiyenera kunena kuti sikirini ya iPad ndi yaikulu kuposa ya foni, inali itawalitsidwa mpaka pamapeto, ndipo maola 4 ndi ambiri, choncho zotsatirazi zikuonetsa mphamvu ya kuwala kochuluka kwa nthawi yaitali.

Ndikayatsa sefa, ndiye kuti ndizigona bwino?

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Mu 2021 ofufuza a pa yunivesite ya Brigham Young anatenga achinyamata 167 a zaka zapakati pa 18 ndi 24 n'kuwagawa patatu: ena ankagwiritsa ntchito iPhone asanagone Night Shift itayaka, ena itazima, ndipo ena sankaigwira n'komwe. Pakati pa amene anayatsa Night Shift ndi amene sanayatse, sanapeze kusiyana pa kagonedwe kawo.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Sefa imachepetsa mtundu umodzi wa kuwala, koma sichotsa zimene zili pa sikirinipo. Mayi wa ku Namwera amene wagona mu neti, foni ili pachifuwa, akudikira kuti mwana wake aweruke ku ntchito ku Johannesburg n'kumuimbira pa vidiyo, sakusowa tulo chifukwa cha mtundu wa kuwala. Mtima wake uli pa foniyo, ndipo ikangonjenjemera amadzidzimuka. N'chimodzimodzinso mnyamata amene wagula bandulo ya usiku ndipo akufuna kuitha isanapse. Mkangano wa pa gulu la WhatsApp la kubanja umadzutsa ubongo ngakhale zilembo zitakhala zachikasu.

Ife timaona kuti kuyatsa sefa usiku n'kwabwino, chifukwa kuwala kwachikasu kumakhala kofewa m'maso ndipo sikulipiritsa. Koma amene akuvutika kupeza tulo atsitse kuwala, agwirizane ndi achibale akunja nthawi yoimbirana isanakwane nthawi yogona, ndipo foni aisiye kunja kwa neti pamene dzanja silingafike.

N'chifukwa chiyani zilembo zoyera pa malo akuda zimandivuta kuwerenga?

Simuli nokha, ndipo si kuti mwalakwitsa penapake. Sikirini ikada, mwana wa diso amakula kuti alowetse kuwala kochuluka, ndipo akakula chomwecho zinthu sizioneka zakuthwa ngati mmene zimaonekera iye ali wamng'ono. Kwa anthu amene ali ndi vuto la astigmatism, limene limabwera pamene galasi la kutsogolo kwa diso silinabulungike mofanana, zilembo zoyera zimaoneka ngati zamwazika kapena zili ndi utsi m'mbali. Akuluakulu amene ayamba kale kutalikitsa pepala akamawerenga nawonso amadandaula zomwezi. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, bwererani ku tsamba loyera ndipo mungotsitsa kuwala. Nkhani yaitali, monga manotsi a sukulu kapena buku lopatulika, anthu ambiri amaiwerenga mosavuta zilembo zikakhala zakuda pa malo oyera.

Kodi ndi bwino kusiya dark mode masana onse?

M'nyumba palibe vuto, koma padzuwa sitilimbikitsa. Sikirini yakuda imasanduka kalilole, ndipo m'malo moona zilembo mumaona nkhope yanu ndi mitambo. Tinaonapo ejenti wa ndalama za pa foni atakhala pansi pa ambulera pafupi ndi depoti, masana dzuwa lili pamutu, akuphimba foni ndi chikhato n'kumaipendeketsa uku ndi uku kuti awerenge nambala ya kasitomala, pamene vuto lonse linali dark mode. Amene ntchito yake ndi yowerenga manambala a Mpamba kapena Airtel Money panja asalole kuti nambala 3 imuonekere ngati 8. Atchere nthawi monga tafotokozera pa funso la kayatsidwe, kuti masana tsamba lizikhala loyera.

Kodi ndigule magalasi otchinga kuwala kwa buluu, kapena galasi lomata pa foni limene amati limateteza maso?

Mu 2023 bungwe la Cochrane linaunika pamodzi kafukufuku 17 wokhudza magalasi oterewa, ndipo silinapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso poyerekeza ndi magalasi wamba. Madokotala a ku America amene tawatchula pa funso la kuwonongeka kwa maso sawalimbikitsanso. Zimatimvetsa chisoni kuona munthu akutulutsa ndalama imene akanagulira ndiwo za masiku angapo kuti agule galasi lomata lamtundu wa buluu, pamene foni yake ili kale ndi sefa yaulere. Galasi lomata ndi lothandiza poteteza sikirini kuti isasweke, ndipo ligulidwe pa chifukwa chimenecho. Magalasi a maso enieni ndi amene mumapatsidwa mutapimidwa.

Nanga ana? Kodi sefa ikwanira kuwateteza?

Siingakwanire, chifukwa kwa mwana nkhani yaikulu ndi nthawi imene akutha pa foni. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2019 amati mwana amene sanakwanitse zaka 2 asamakhalitsidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyezanso kuti ana amene amasewera panja nthawi yokwanira sakhala kawirikawiri ndi vuto losaona patali.

Ndimadzuka usiku kudya daku m'mwezi wa Ramadan, ndipo mnzanga amagwira ntchito pa nyanja usiku wonse. Tizitchera bwanji?

Wodzuka m'mbandakucha amene akufuna kudzagonanso pang'ono swala ikatha achite bwino kusiya dark mode ndi sefa zili zoyaka, kuwala kuli pansi penipeni, n'kungoona nthawi popanda kutsegula mauthenga. Msodzi kapena mlonda zake ndi zina, pakuti iye akufuna kukhala maso. Phindu la sikirini yakuda kwa iye ndi lakuti siimuthobwa m'maso, popeza diso limene lazolowera mdima likaona kuwala kwamphamvu limatenga mphindi zambiri, mwina mpaka theka la ola, kuti lizolowerenso bwinobwino. Akaweruka m'mawa, chimene chingamuchedwetse tulo ndi dzuwa, choncho agone m'chipinda chotchingidwa bwino.

Kodi kuwala kwa foni kumaitana udzudzu?

Tizilombo tambiri touluka usiku timakopeka kwambiri ndi kuwala koyera ndi kwa buluu kuposa kwachikasu, ndiye dark mode ndi sefa zingachepetse timene timadzatera pa sikirini. Udzudzu wa malungo umatsata mpweya umene timapuma, fungo ndi kutentha kwa thupi, choncho neti ikhale yopisidwa bwino kaya foni yayaka kapena ayi.

Ndimagulitsa zitenje ndi nsomba pa WhatsApp. Kodi sefa isintha mtundu wa zithunzi zimene ndikutumiza?

Sefa imene inabwera ndi foni imasintha zimene inu mukuona zokha, ndipo chithunzi chimafika kwa wogula ndi mitundu yake yeniyeni. Ngozi ili pamene mukukonza chithunzi sefa ili yoyaka, chifukwa mudzaona ngati chitenje chachita chikasu n'kuchiwonjezera buluu, ndipo wogula adzalandira mtundu umene si wa nsaluyo. Ogula nawonso azimitse sefa asanasankhe mtundu wa yunifolomu ya ukwati, kuopa mikangano katundu atafika.

Ndatsitsa kuwala mpaka pansi koma kukundithobwabe. Palinso china?

Chilipo. Kuyambira pa Android 12, imene inatuluka mu 2021, mafoni ambiri ali ndi Extra dim mu gawo la Accessibility, imene imatsitsa kuwala kupitirira pamene kandodo ka masiku onse kamathera. Pa iPhone fufuzani Reduce White Point mu gawo lomwelo. Kuyatsa kanyali kakang'ono m'chipinda, ngakhale ka sola, kumathandizanso chifukwa kumachepetsa kusiyana kumene takufotokoza pa funso la kuwawa kwa maso. Anthu ena ochepa amamva mutu akatsitsa kwambiri kuwala pa sikirini ya OLED, chifukwa mafoni ambiri otere amachepetsa kuwala mwa kuyatsa ndi kuzimitsa timadontho mofulumira kwambiri moti diso silikuona kuphethirako. Ngati zimakuchitikirani, kwezani kuwala pang'ono ndipo mudalire dark mode.

Foni yanga ndi yakale ndipo ilibe zonsezi. Ndiike pulogalamu yapadera?

Yambani mwafufuza mkati mwa mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa WhatsApp, Facebook, YouTube ndi Chrome zili ndi dark mode yakeyake imene pa mafoni ambiri imagwira ntchito ngakhale Android ili yakale kuposa 10. Za sefa, mapulogalamu apadera alipo ambiri, koma kagwiridwe kake ndi kosiyana ndi ka sefa yobadwa ndi foni. Amayala kansalu kachikasu pamwamba pa chilichonse, ndipo kuti atero amapempha chilolezo choonekera pamwamba pa mapulogalamu ena. Chilolezo chimenechi ndi champhamvu, ndipo mapulogalamu achinyengo amachigwiritsa ntchito pobera anthu manambala achinsinsi. Pa foni imene mumasungirapo ndalama kapena kulowera ku banki, tengani pulogalamu yotere ku Play Store kokha, osati fayilo imene wina wakutumizirani pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ndipo ikakupemphani kuti iziwerenga mauthenga anu kapena mayina a anthu a m'foni mwanu, ikanizeni ndi kuichotsa. Kansaluko kamathanso kulepheretsa mabatani ena kudinika, makamaka poika pulogalamu yatsopano kapena popereka chilolezo, choncho batani likakana, zimitsani sefayo kaye n'kuyesanso.